Kukaba Mawu kwa Telala wa ku Congo

Ndikukumbukira pansi pa tebulo la Papa Selesitini kuposa kalasi iliyonse imene ndinalowamo, ndipo makalasiwo sanali ambiri, ndinalekezera Sitandade 7. Linali tebulo lodulirapo nsalu, lalitali, lophimbidwa ndi chitenje chofika pansi, m'kashopu ka malata ku Kangemi, mu mzinda wa Nairobi, pa kanjira kotsetsereka kochokera ku msewu wa Waiyaki. Pansi pakepo panali kamdima kofunda, fungo la mafuta a makina ndi la makala a m'simbi, ndi mulu wa zigamba wofewa kuposa matiresi athu. Ukakhala pamenepo sunkaona nkhope ya munthu. Unkaona mapazi okha: a Papa Selesitini akupalasa makina m'masilipasi, ndi a mnzawo wosita zovala, a Bulezi, amene ankavala nsapato zosongoka ngati kamwa ya ng'ona ngakhale tsiku la matope. Ndinali ndi zaka khumi. Anthu ankaona ngati ndikutola zigamba zosokera chidole, koma ine ndinatumidwa kukaba mawu.

Ndiyambe ndi mmene tinapezekera kuno. Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, kwathu ku Dedza. Amayi, Anaphiri, anapeza ntchito yolera ana pa banja lina ku Lilongwe, ndipo banjalo litatumizidwa ku Nairobi ndi bungwe limene bambo wa m'nyumbamo ankagwirako ntchito, linatitenga tonse awiri. Patapita zaka iwo anasamukiranso dziko lina, koma amayi anali atadziwika kale pakati pa Amalawi a kuno kuti ndi munthu wa manja oyera, wodziwa kutendera ndiwo ngakhale ndi masamba a ku Kenya, ndiye anatsala, n'kumagwira ntchito m'nyumba ina ku Westlands, ife n'kumakhala m'chipinda chimodzi ku Kangemi. Bedi limodzi, ine kukhoma, amayi kunja kuti ndisagwe.

Nkhani inayamba ndi zipi. Zipi ya siketi ya amayi ya kutchalitchi inafa, anapita nayo kwa telala wa ku Congo uja, ndipo zipi imodziyo inatenga maulendo asanu. Ulendo woyamba panalibe ulusi wa mtundu wake, wachiwiri zipi inali yaitali, wachitatu inali yaifupi. Ine ndinali mwana koma maso ndinali nawo, ulusiwo unalipo, pa shelefu ya pamwamba, mipukutu itatu. Ulendo wachisanu Papa Selesitini anatiperekeza mpaka pa geti la ploti yathu atavala suti ya mtundu wa mango akupsa, ndipo pa Chiswahili chawo chokoka ngati nyimbo anauza amayi kuti akazi awo anamwalira kalekale, mowa amamwa pa Khirisimasi pokha, ndipo akufuna banja. Amayi anayang'ana pansi n'kunena kuti kwathu mkazi sadziyankhira yekha.

Apa ndiye panali vuto. Kwathu mwamuna akafunsira mbeta, malume amayamba afufuza. Amapita kumudzi kwa mwamunayo ngati akungodutsa, n'kukhala pa bawo, kumva mmene anzake amamunenera ndi mmene iye amanenera anthu. Abale a amayi anali ku Dedza, ndipo ku Bukavu kwawo kwa Papa Selesitini sakanapitako ngakhale mukanawabereka kumsana. Ndiye unkhoswe anautenga amayi a gulu la mapemphero, Amalawi okhaokha, amene ankakumana Loweruka lililonse masana m'nyumba ya mtsogoleri wawo, Mayi Chimbalanga, ku Westlands. Mayi Chimbalanga anali akazi a bwana wamkulu pa bungwe lina. Anali ndi thupi, magalasi a unyolo, ndi kachikwama kamene ankakagwira patsogolo ndi manja awiri ngati chiwongolero cha basi.

Chiphunzitso chawo chinali chakuti mawu amene mwamuna amakuuza pamaso ndi suti ya Lamlungu, aliyense atha kubwereka. Chimene chimaulula mtima ndi dzina limene amakutchula kwa mnzake iwe utangopotoloka. Ndipo aliyense pa kanjira kaja ankadziwa kuti mkazi akadutsa pashopu, Papa Selesitini ndi a Bulezi ankasiya Chiswahili n'kulowa m'Chifalansa kuti anthu asamve, kenako n'kuseka. Mayi Chimbalanga anagamula kuti tipeze dzina la Chifalansa limene Anaphiri apatsidwa, likamasuliridwa tidziwa ngati pali ukwati kapena palibe. Munthu wamkulu akanakhala pashopupo amunawo akanatseka pakamwa. Maso onse anagwera ine.

Ntchito yake inali yovuta kuposa mmene amayiwo ankaganizira. Liwu la chinenero chimene suchidziwa limaterera ngati sopo. Tsiku loyamba nditaweruka kusukulu ndinagwira limodzi labwinobwino, ndinatuluka ndikulibwereza mumtima, ndikulibwereza, ndafika pa ngalande, mayi wogulitsa mandazi n'kundifunsa kuti amayi ali bwanji, ndayankha, basi, liwu lapita. Ndinabwerera kukaima pamalo pomwe ndinayankhirapo ngati ndilipeza pansi. Kenako ndinapeza nzeru. Mkazi akadutsa ndinkasuzumira pa mpata wa chitenje kuti ndione mapazi ake, ndikamva liwu ndinkatenga chigamba chimodzi, kulinong'oneza pachigambapo katatu, n'kumanga mfundo. Chofiira, nana. Cha maluwa achikasu, mefu. Cha khaki, gonzesi. Musandifunse kuti zinkatheka bwanji, koma ndikamasula mfundo liwu linkabwera lokha.

Womasulira anali a Kachingwe, mkulu wa mpingo, amene ankamasulira Chifalansa m'misonkhano ikuluikulu ku Upper Hill. Anali munthu wowonda, wofatsa, ndipo Chifalansa chawo anachiphunzira kuti azinenera za mtendere wa mayiko ndi matenda a ng'ombe. Loweruka loyamba anabwera akuganiza kuti pali kalata ya kuchipatala yofunika kuwerenga. Anapatsidwa mpando wa pakati, tiyi ndi zitumbuwa, amayi asanu ndi atatu atawazungulira, ine n'kugwada pa kapeti ndi jumbo yanga.

"Masula, mwana," anatero Mayi Chimbalanga.

Ndinamasula chofiira. Nana. A Kachingwe anaphethira kangapo, atazindikira kuti kalata kulibe, koma anayankha. Anati ameneyo alibe poizoni, ndi mtsikana chabe, monga anyamata a kwathu amanenera kuti njole, kungoti si liwu lotchulira mayi ako kapena akazi a abusa. Amayi anafunsa kuti ananenedwa ndani. Ndinati mtsikana wa pa saluni, wa zikhadabo zobiriwira kumapazi. Onse anagwedeza mitu kuti zoona, ameneyo ndi nana ndithu.

Za mefu anati ndi liwu la anyamata a m'makwalala a ku Paris, mnyamata atha kutchula nalo chibwenzi chake kapena mkazi wake weniweni, mwachikondi kapena mopeputsa, uyenera kuona nkhope ya wonenayo. Analemba papepala kuti meuf, amayi n'kumapatsirana pepalalo, kudandaula kuti Afalansa amawononga zilembo. Tantini anati ndi azakhali, liwu laulemu, koma nthawi zina amanenera mayi wamkulu amene akukana kuvomera zaka zake, ndipo pamenepo amayi awiri anayang'ana wachitatu, wachitatuyo n'kukonza wigi. Meme ndi agogo. Mineti ndi kamtsikana kodzinyambita ngati mphaka, kokhalira pagalasi. Pa gonzesi a Kachingwe anavula magalasi. Anati ameneyo ndi wa kumowa, wonunkha fodya, ndipo ukamutchula nalo mwamuna mnzako ndiye kuti ukufuna ndewu.

Chomaliza tsiku limenelo chinali chigamba chakuda chonyezimira. Pulu. A Kachingwe anapempha madzi. Atamwa anati liwulo ndi nkhuku yathadzi, koma mwamuna akalinena za mkazi kwa mwamuna mnzake ndiye kuti mkazi wosungidwa pambali, womugulira mafuta onunkhira, wosapita naye kwa makolo. Wonenedwayo anali mayi wina amene ankatsika takisi Lachisanu lililonse kudzayesa madiresi, wa nsapato zazitali zimene zinkatitimira m'matope. Amayi anausa moyo onse pamodzi, wina n'kupempha kuti liwulo libwerezedwe kuti akamupempherere bwino.

Kuyambira pamenepo mapemphero anayamba kufupika. Gulu limene kale linkavutika kukwana anthu khumi linayamba kusowa mipando, kunabwera ndi amayi a ku Upper Hill amene sitinawaonepo akutsegula Baibulo. Nyimbo imodzi, pemphero lothamanga, ameni, kenako jumbo. Pabwalo la tchalitchi unkamva mayi akunong'oneza mnzake kuti taonani tantini uyo. A Kachingwe anapempha kawiri kuti awamasule pa udindowu, ponena kuti akazi awo ayamba kufunsa chifukwa chake akutsegula dikishonale masamba achilendo, koma Mayi Chimbalanga anati ntchito ya unkhoswe munthu saisiyira panjira.

Sabata yachiwiri Mayi Chimbalanga anabwera okha ku Kangemi kudzamuona mwamunayo ndi maso awo, atanyamula nsalu yonamizira. Ine ndinali pansi pa tebulo. Ndinaona nsapato zawo zikuyenda mosamala ngati pansi pali mazira, mapazi atasefukira m'mbali. Anafunsa za mapepala a boma, za tchalitchi, za chifukwa chimene mwamuna wamkulu amavalira suti yachikasu, anapukuta fumbi pa shelefu ndi chala, n'kutuluka nsalu yawo ili m'manja. Kenako a Bulezi ananena liwu limodzi, rombiyere, ndipo awiriwo anaseka mpaka tebulo linagwedezeka pamutu panga. Ndinalimanga pa chigamba cha veleveti. Loweruka ndinayesa kuchisiya pansi pa jumbo, koma Mayi Chimbalanga sankaphonya kanthu.

"Nanga chotsalacho?"

"Ndi chanu, amayi."

Nditalitchula, a Kachingwe anayang'ana kudenga nthawi yaitali ngati tanthauzo lalembedwa kumeneko.

"Limanena mayi wamkulu," anatero pang'onopang'ono, "wolemekezeka, amenenso iye mwini amadziwa bwino lomwe kuti ndi wolemekezeka."

Mayi Chimbalanga anaganiza pang'ono, anakonza magalasi, n'kunena kuti anthu a ku Congo, pa zonse zimene amanenedwa, maso ali nawo. Tanthauzo lenileni ndinalimva nditakula: nkhalamba yodzimva imene anthu amaiseka kumbuyo.

Koma liwu limene tinkalifuna silinabwere. Amayi anga ankadutsa pashopu madzulo aliwonse akatsika matatu, minibasi za kuno, nthawi zina kawiri, dala, monga anawalangizira. Mapazi awo ndinkawadziwa, nsapato zakuda za pulasitiki, kachala kakang'ono katatulukira pambali. Akafika, makina ankaima. Moni, moni, za ntchito bwanji, amayi n'kupitirira. Ine khutu tcheru, chigamba chili kale m'manja, mpweya ndagwira. Palibe. Patapita kanthawi makina n'kuyambanso. Masabata atatu zinali choncho, ndipo gulu linagawikana, ena ankati kukhala chete ndi ulemu, ena ankati mwamuna amene alibe dzina lokutchula ndiye kuti dzinalo lili ndi mwini wake ku Bukavu.

Loweruka lachitatulo, msonkhano utatha, ndinali kukhitchini ndikutsuka makapu, amayi atapita kukataya zinyalala kunja. M'khonde Mayi Chimbalanga ankalankhula ndi mayi wina, ndipo ine khutu linali litazolowera ntchito. Ankati ukwatiwu ukatheka, chipinda ndi chimodzi, bedi ndi limodzi, mwana wakula kale, ndi bwino apite kwa azakhali ake ku Dedza kwa kanthawi. Ine mawu akuti kwa kanthawi ndinkawadziwa. Bambo anga anapita kuchipatala kwa kanthawi. Ku Dedza sindinkakumbukirako nkhope ya munthu aliyense, kuzizira kokha. Kapu inali m'manja mwanga, madzi akutuluka pa mpopi, ine ndangoima. Ndine wamantha chibadwire, mpaka lero ndikamawoloka msewu wa Waiyaki ndimamupanikiza mwana wanga pachifuwa mpaka amalira, koma mantha a tsiku limenelo anali a mtundu wina, anali mantha oganiza.

Lolemba ndinalowa pansi pa tebulo, ndinasankha chigamba cha buluu, n'kumanga mfundo popanda wina wonena kanthu. Liwu ndinasankha ndekha. Ndinasankha lija limene linamwetsa a Kachingwe madzi.

Loweruka ndinagwada pa kapeti n'kunena kuti ichi ndi cha amayi anga. Chipinda chonse chinawerama. Ndinamasula, ndinati pulu. Mayi Chimbalanga anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pa unyolo. A Kachingwe anandifunsa kawiri ngati ndinamva bwino, ndiponso ngati ananena ndi a Bulezi kapena telala mwini wake. Ndinati mwini wake. Amayi anga anatola chigamba chija, anachipinda, anachipindanso mpaka chinakhala kakang'ono ngati nyemba, anamaliza tiyi wawo, n'kuthokoza onse chifukwa cha ntchito imene agwira.

Sabata imeneyo amayi anayamba kutsikira pa siteji ina, n'kumazungulira kuseri kwa ogulitsa makala, njira ya matope, kuti asadutse pashopu. Anasiya kuyimba akamachapa. Siketi ya kutchalitchi ija inalowa pansi pa sutikesi. Sanandikalipire pa kanthu kalikonse, ngakhale nditataya mafuta ophikira, anangopukuta, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mbama. Ine ndinali nditapambana, Dedza anali atabwerera kutali, koma chakudya ndinkachisiya m'mbale. Lachinayi Papa Selesitini anandiona pa kanjira, anandiitana, n'kundipatsa jumbo yodzaza zigamba zimene anandisungira poona kuti sindikubwera. Anafunsa ngati amayi akudwala. Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthawa.

Mayi Chimbalanga sanali munthu wolola mlandu kufa wopanda chigamulo. Anatumiza uthenga kuti telala abwere Loweruka. Anabwera atavala suti yobiriwira ngati peyala, chipewa m'manja, a Bulezi pambuyo ngati nkhoswe yawo. Anthu anadzaza mpaka m'khonde. Mayi Chimbalanga anaulula zonse, kuti pansi pa tebulo panali khutu, n'kuyala zigamba patebulo chimodzichimodzi ngati katundu wogwidwa ndi apolisi, akutchula mawu ake ndi Chifalansa cha ku Zomba. A Bulezi anayamba kutuluka thukuta pa mefu. Atafika pa pulu, ndi kunena kuti limeneli lanenedwa za Anaphiri, a Bulezi anaimirira n'kulumbira pa manda a mayi awo. Anati munthu uyu ali ndi dzina la mkazi aliyense wa ku Kangemi, ndi masisitere omwe, koma pa mayi awa pakamwa pake ndi posoka. Anati tsiku lina iwo anangoyesa kunena kuti nana wako wadutsa, telala sanawayankhule masiku awiri, moto wa simbi ankakapala kwa aneba.

Ndiye panatsala ziwiri, kapena amuna awiri akunama, kapena mwana. Ndinamva maso onse akutera pa ine ngati ntchentche. Ndinayang'ana maluwa a pa kapeti n'kuyamba kuwawerenga. Papa Selesitini anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino, ine ndinkadziwa mapazi. Kenako analankhula motsitsa m'Chifalansa, a Kachingwe n'kumasulira.

"Akuti sakukumbukira kuti ananenapo liwu limenelo. Koma akuti sangaimirire m'nyumba ya anthu n'kunena kuti mwana wa mayi amene akumufuna ndi wabodza. Akuti ngati mwana wamva, mlandu ndi wawo. Akupepesa, ndipo sadzavutitsanso."

Papa Selesitini anavala chipewa. A Bulezi anawakoka jekete akunena zinthu zambiri zimene a Kachingwe anakana kumasulira. Telalayo anafika pachitseko, dzanja lili pa chotsegulira, ndipo ine kulira kunayamba kutuluka mawu asanakonzeke, ndi mamina omwe, zonse zinabwera chosokonekera, kuti sananene, ndinamanga ndekha, sindikufuna ku Dedza, kumazizira, sindikufuna kanthawi.

Amayi anga anafunsa kuti Dedza wake uti. Nkhaniyo sanaimvepo, palibe amene anawauza. Nditaloza kumene ndinaimva, Mayi Chimbalanga anatsegula kachikwama kawo n'kuyamba kufufuzamo chinthu chimene munalibe. Amayi anali wantchito wa m'nyumba pakati pa akazi a mabwana, munthu wokhala pa mpando wa kumapeto, koma tsiku limenelo anaimirira.

"Amayi, ine ndinapempha unkhoswe. Sindinapemphe kuti mundigawire mwana."

Papa Selesitini atafotokozeredwa chimene chikuchitika anavula chipewa kachiwiri n'kukhala pansi, anaseka mpaka anapukuta misozi ndi mpango wa m'thumba la suti. Anati iwo analankhula kale ndi mwini nyumba za zipinda ziwiri kuseri kwa shopu, chifukwa tsiku limene anaperekeza anthu kugeti anawerenga bwinobwino, anali awiri.

Mayi Chimbalanga anatseka kachikwama n'kubweza mlandu m'manja mwawo. Anati zonsezo amva, koma funso lidakali pomwepo, Anaphiri amatchulidwa chiyani. Telala anayankha kuti anafufuza, koma mawu onse amene ali nawo ali ngati chitsulo chogwirira m'matatu, aliyense wagwirapo, n'chifukwa chake amangokhala chete. Akaloledwa, azidzati Madame. Mitu yonse inatembenukira kwa a Kachingwe.

"Ameneyo alibe minga," anatero. "Mutha kudya ndi ana omwe."

Pamene anthu ankatsanzikana, Mayi Chimbalanga anagwira a Bulezi dzanja n'kuwauza kuti anamva dzina limene anawapatsa, rombiyere, ndipo athokoza, si anthu ambiri masiku ano amene amazindikira munthu. A Bulezi anayang'ana a Kachingwe. A Kachingwe anayang'ana zitumbuwa.

Chilango changa chinayambira m'matatu. Amayi ananditsina ntchafu kuchokera ku Westlands mpaka ku Kangemi, osasintha nkhope, akuyankha moni wa anthu, koma dzanja linalo linali litandikumbatira paphewa, ndiye sindinadziwe kuti ndilirire chiti. Mawa lake ndinakagwada pashopu kupepesa, ndipo tchuthi chonse ndinachithera pa kampando poyera, kumasula mipendero ya mathalauza a anthu ndi lezala. Ukwati unachitika mvula itatha. Ndinapatsidwa bedi langalanga, ndipo masiku oyamba ndinkagwa chifukwa kunja kunalibe munthu. Mpaka lero ali limodzi, tsitsi la Papa layera, ndipo amati Madame ngakhale akukangana za mchere.

Masiku ano zinthu sizili choncho. Gulu la amayi lija linasamukira m'foni, amatumizirana mavesi ndi zithunzi za maluwa, palibe amene angakwere matatu kukapukuta shelefu ya mwamuna wa mwini ndi chala. A Kachingwe anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi. Liwu lachilendo umangolilemba m'foni, matanthauzo n'kubwera asanu, koma foni siikuuza kuti pa asanuwo lako ndi liti. Ine ndinakwatiwa wopanda wondifufuzira. Bambo a mwana wangayu ndi Mmalawi mnzanga, amayendetsa galimoto ya bungwe lina ku Upper Hill, ndipo alendo ambiri amene amawanyamula ndi olankhula Chifalansa, ndiye nawonso ayamba kutola. Mwana ali ndi chaka ndi theka. Ndimaopa chifuwa chake, ndimaopa njinga zamoto, ndimaopa ngalande ya pakhomo, ndimaopa madzi a m'zigubu, ndipo mwezi watha ndinawonjezera china. Ndinawamva pafoni akuseka ndi mnzawo wa kuntchito, n'kunena kuti ma meuf, atandifulatira, nkhope osaiona.

Masiku atatu ndinawayang'anitsitsa, mmene akudyera, mmene akuikira foni, chafufumimba kapena chagada. Wotuma ndilibe, mwanayu sanayambe kulankhula, ndipo ngakhale akanatha sindikanamutuma, ndikudziwa zimene mwana wamantha amabwera nazo. Ndiye ndinafunsa ndekha, pa chakudya cha Lamlungu masana. Anaseka, anati likungotanthauza mkazi wanga, ndi Chifalansa cha makono, sindingachimve. Ndinamutsitsa mwana pamphasa. Ndinayamba ndi nana, mineti, tantini, meme, gonzesi, rombiyere, pulu, lililonse ndi tanthauzo lake ndi mtundu wa mkazi amene limamuyenera, kenako ndinafunsa kuti amayi amene amawanyamula m'galimoto aja amawatchula liti. Anasiya kutafuna.

Kuyambira tsiku limenelo akundiyang'ana ndi iwo. Anapita mwakachetechete kukafunsa Papa ngati anandiphunzitsa ndi iwo, Papa n'kuyankha mokwiya kuti mawu otero sanawatchulepo pamaso pa mwana wawo. Dzulo andifunsanso, mwaulemu, kuti Chifalansa chimenechi ndinachiphunzira kwa ndani, ndipo ine ndinangoti kale, n'kupitiriza kupukuta mwana. Ndidzawauza, koma osati sabata ino. Mantha a m'nyumba muno ndawasenza ndekha chaka ndi theka. Nawonso asenzeko pang'ono.